Pemphero la pa Tayala

Malemu amuna anga, a Douglas, anali ndi chizolowezi chimene chinkanditopetsa. Tikamakwera phiri la Zomba ndi alendo okagona m'matenti, tala akangotha ankaimitsa galimoto, n'kutsika, n'kukagwada pa tayala lakutsogolo lakumanja, kenako lakumanzere. Poti anali mkulu wa mpingo, ine ndinkati akupemphera.

"Inu, Mulungu sangakumveni muli pampando?"

Iwo ankangoseka.

Atamwalira, mchimwene wawo, a Gilson, anabwera ku Matawale kudzanena kuti galimotoyo ipite kwawo. Akuti munthu wamkazi sangakwere nayo phiri. Zinandiwawa kwambiri. Galimoto imeneyi ndi imene imadyetsa ana anga, ndipo layisensi ndili nayo.

"Loweruka ndikutenga ophunzira anayi a kuyunivesite," ndinatero. "Tiyeni mukaone nokha, alamu. Ndikalephera, makiyi mutenge."

Pakamwa pangapa.

Lachisanu kunagwa chimvula. M'mawa mwake, titapitirira damu la Mulunguzi n'kulowa msewu wadothi wa m'mapaini, ndinaika giya ya matayala onse anayi monga ankachitira a Douglas. Sitinapite patali, galimoto inatitimira pachitunda. Matayala akumbuyo ankangozungulira n'kumamwaza matope, akutsogolo ali duu. Ophunzira aja anatsika kukankha, koma ayi ndithu. Ngakhale anyani anakhala pazitsa n'kumationerera. A Gilson sanatsike n'komwe, anangotambasula dzanja.

"Mlamu, musadzivute. Bweretsani."

Sindinafune kuti andione ndikulira, ndiye ndinapita kutsogolo n'kugwada m'matope momwemo, pamene ankagwada amuna anga. Ndinati bola ndipemphere ngati iwo. Pogwira pakati pa tayala kuti ndisagwe, dzanja langa linakhudza kachitsulo kozungulira. Ndinapukuta matope. Penti yake inali itafufutika mbali ziwiri, ndendende pogwira zala. Ndinakapotokola, kanatheka. Ndinapita ku tayala linalo, chimodzimodzi. Kani ndi kamene kamamanga matayala akutsogolo kuti nawonso azikoka.

Nditaponda mafuta, galimoto inatuluka ngati panalibe matope.

"Mwachita chiyani?" anafunsa a Gilson.

"Ndapemphera."

Titafika pamwamba, ophunzira ali kalikiliki kukhoma matenti, ndinamanga makiyi kunsonga ya chitenje changa. Ndinabwereranso pa tayala lija, ndinaika zala zanga pamene pankakhala zawo, n'kulira bwinobwino. Zaka khumi ndi ziwiri ndinkawanena bambo amenewa, iwo osandiuza n'kamodzi komwe.