Makina Ochapira a Mwana wa Mlamu

Ine Shawki, amene ndinayamba ndi wilibala ya matailosi kuno ku Tanta mpaka kukapikula katundu ku Istanbul ndi ku Guangzhou, ngongole imene ndikuidziwa sindigona nayo. Ndiye taganizani mmene mutu unaimira abanki atandimana ndalama zogulira lole.

"Dzina lanu lili ndi chigamulo cha khoti, a Haji Shawki," anatero mayi Nagwa a pakauntala. "Makina ochapira zovala sanalipiridwe."

"Taonetsetsani, mayi! Mkazi wanga ali nawo awiri!"

"Munasainira ndinu. Masamoni anapita kunyumba yanu yakale."

Ndili panjira ndinakumbukira. Mlamu wanga Fathi, pokwatitsa mwana wake, anamutengera makina olipira pang'onopang'ono, ine n'kumusainira kusitolo osawerenga, tiyi ali m'manja.

Ndinamuimbira foni.

"Aaa, alamu!" anaseka. "Si inu munalengeza paphwando kuti makinawo ndi mphatso yanu?"

Ndinatero kodi? Mwina. Paphwando ndimalankhula zambiri.

Lole idikira kaye dzina liyere, koma dzuwa lisanalowe ndinali nditawerengera mwini sitolo mapaundi 6,800.