Satifiketi Imene Ndinawalembera Amadamu

Tsiku limene mayi akunyumba anabwera ndi tabuleti kuchokera kusukulu, anaiika patebulo, n'kukhala pampando osavula ndi nsapato zomwe.

"Kwagwanji, mayi?" ndinafunsa ndikusasa utuchi pamalaya.

"Akuti tiphunzire. Ine ndi imvi zangazi, akuti ndiphunzire."

Ine ndine kalipentala, shedi yanga ili kuseri kwa nyumba. Akazi angawa ndi mphunzitsi. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi akhala akuphunzitsa kalasi yoyamba, ija ya tiana tobwera ndi mamina, tosadziwa kumene pensulo imalembera. Theka la anthu a mumsewu mwathu linaphunzira kulemba dzina lawo dzanja litagwiridwa ndi iwowa. Aliyense amawatchula Amadamu, mpaka nanenso ndinazolowera.

Nkhani inali yakuti sukulu inalandira matabuleti a ana a kalasi yoyamba. Ahedi ananena kuti wophunzitsa kalasiyo ayenera kumaliza maphunziro khumi ndi awiri a pa tabuleti teremu isanathe. Aliyense amaphunzira payekha, pa nthawi imene wafuna, popanda mphunzitsi woima kutsogolo. Wolephera kumaliza adzachotsedwa m'kalasimo n'kupatsidwa kiyi wa chipinda chosungiramo mabuku akale ndi choko.

Madzulo omwewo Amadamu anatsegula phunziro loyamba. Anaonera kavidiyo, kenako panabwera funso. Anadina yankho, ndipo pagalasi panatuluka mtanda wofiira. Munthu amene moyo wake wonse ndi iye wolemba zofiira m'makope a ena! Anaivundikira tabuletiyo msangamsanga.

"Basi, zapita kwa ahedi zimenezo," anatero. "Mwinanso zafika kale ku ofesi yaikulu. Akuseka tsopano kuti gogo uja ndi mbuli."

"Ayi, mayi, tayesaninso."

"Ndiyesenso kuti mitanda ichuluke? Ndidzaona mawa."

Anaiika mu wadiropu, pansi pa mabulangete. Mawa lija linabala mawa linzake. Amadamu ndi munthu wa belu: belu likalira amalowa m'kalasi, likalira amatuluka, ndipo sanachedwepo ndi tsiku limodzi. Koma maphunziro awa analibe belu. Ndikawakumbutsa ankangoti, "Si anati pa nthawi yanga? Nthawi yangayo sinakwane." Usiku sankagona bwino, chakudya ankangochitosatosa. Titawerenga masiku, tinapeza kuti kwatsala masabata atatu okha.

Apa ndi pamene ine, ndi nzeru zanga za pa matabwa, ndinaganiza zothandiza. Foni ndimaidziwa, pajatu masitayilo a mipando ndimaonera momwemo. Amadamu atapita kusukulu ndinatulutsa tabuleti ija n'kupita nayo kushedi. Mavidiyo ndinkangowasiya akudziyankhulira okha ine ndikucheka matabwa. Funso likabwera ndinkadina yankho ili, likakana ndidine linalo, mpaka lilole. Masiku anayi okha, satifiketi inatuluka ili ndi dzina lawo.

Nditawaonetsa anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwachita chiyani, bambo?"

"Ndakupulumutsirani kalasi yanu. Zinazo mudzaziphunzira muli momwemo."

Sanandithokoze, koma sanakanenso. Mantha ndi oipa, abale. Ahedi anaisindikiza satifiketi ija, n'kulengeza pamaso pa sukulu yonse kuti womaliza woyamba ndi Amadamu, achinyamata onse ali m'mbuyo. Ine ndinasankha thabwa labwino, ndinalipala, ndinalipaka vanishi, n'kupanga fulemu yoti aliyense wolowa pabalaza aziyamba waiona. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Sabata yotsatira ahedi anati, popeza Amadamu ndiwo katswiri, Lachinayi aonetse aphunzitsi anzawo ndi alangizi a zamaphunziro mmene amaphunzitsira ndi matabuleti. Tsoka ilo, Lachinayi lomwelo ine ndinali pasukulupo, ndikukonza chitseko cha kalasi yoyandikana ndi yawo. Zonse ndinaziona pawindo ndi maso angawa.

Ana anali atakhala m'magulu, tabuleti pagulu lililonse. Aphunzitsi anaima kumbuyo, alangizi ali ndi kope pamwendo. Amadamu anayenera kutsegula phunziro loti lionekere pakhoma. Anadina apa, osatheka. Anadina apo, osatheka. Atadinanso, pakhoma ponse panatuluka nkhope yawo, yaikulu ngati chitseko, thukuta lili kamukamu. Ana anafa nacho chiseko. Mwana sadziwa kubisa.

"Amadamu ali pakhoma! Amadamu ali pakhoma!"

Aphunzitsi achinyamata anangozyolika. Amadamu anaika tabuleti pansi n'kutola choko kuti apitirize mwakale, koma choko chinathyoka pabolodi. Alangizi analemba kenakake m'kope mwawo. Ine ndinali nditagwira hamala, osadziwa kuti ndilowe kapena ndithawe.

Ku ofesi ya ahedi Amadamu sananditchule. Anangoti, "Satifiketi ija si yanga, bwana. Sindidziwa kanthu." Anatulukamo ali ndi kiyi wa chipinda cha mabuku, ndipo kalasi yoyamba inapatsidwa kwa mphunzitsi wina.

Chipinda cha mabukucho chinagundana khoma ndi kalasi yoyamba. Tangoganizani. M'mawa uliwonse ankakhala pakati pa makatoni ndi fumbi, akumva ana awo akuimba zilembo ndi mawu a munthu wina. Kunyumba anasiya kusita zovala za kuntchito. Anasiya kung'ung'udza nyimbo za ana potsuka mbale. Tikakumana ndi makolo mumsewu, iwo ankatembenukira kumbali ngati akufuna china m'chikwama. Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti sanandikalipire. Akanandilalatira, kaya kundigenda ndi mbale, bwenzi mtima wanga utapepukako. Koma ayi, ankandipatsa madzi osamba, n'kukakhala pakhonde kuyang'ana mpanda.

Tsiku lina Lamlungu masana anati, "Bambo, ndilemba kalata yopuma ntchito. Nthawi yanga yatha. Ndatha ngati nsapato."

"Musatero, mayi."

"Nanga nditani? Zaka zonse zija, ana adzandikumbukira ndi nkhope ya pakhoma."

Ndinachotsa fulemu ija pakhoma n'kukaiponya pa mulu wa zidutswa kushedi. Ndikunena zoona, ndinakhala pa benchi n'kulira, bambo wamkulu ndi ndevu zanga. Ndinkafuna kuwasungira kalasi, koma ndi manja anga omwewa ndinawalanda kalasi ndi ulemu womwe.

Lachiwiri lake kunabwera aneba athu, anamwino a pachipatala, kudzatenga shelefu imene anaoda. Ndi mayi osapsatira mawu, oti akakubaya jakisoni amakuuziratu kuti ipweteka. Anaona fulemu pa mulu paja.

"Aneba, satifiketi ya Amadamu ikutani pa zinyalala?"

Ndinawafotokozera zonse, osasiyako. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Inu a kalipentala, mutu wanu ukuyenda bwino? Kuchipatala kwathu kuja, wodwala akamaopa kuwawa kwa mankhwala, ndimumwere ine? Achira ndani?"

"Ndinkafuna kuthandiza."

"Mwathandiza ndithu, taonani mmene achirira. Ali kuti?"

Anawapeza Amadamu pakhonde. Anawauza kuti nawonso anamwino amachita maphunziro a mtundu womwewu chaka ndi chaka, ndipo iwo poyamba anakhala mwezi wathunthu akuiopa foni yawo yomwe. Kenako anaitanitsa tabuleti ija, yomwe Amadamu anali asanaibweze kusukulu. Anatsegula phunziro loyamba, n'kudina dala yankho lolakwika. Mtanda wofiira. Anadinanso lolakwika. Mtanda wina. Amadamu anagwira pakamwa.

"Mukundionjezera milandu, anamwino!"

"Milandu yake iti? Tawerengani apa, pansi pa mtandapo. Mwaiwala magalasi?"

Amadamu anawerenga pang'onopang'ono. Panalembedwa kuti: Yesaninso. Anamwino anabwerera pa tsamba loyamba penipeni, limene tonsefe tinalidumpha. Pamenepo panalembedwa kuti mafunso a m'kati mwa phunziro ndi ongoyeserera, palibe wina amawaona, ndipo munthu akhoza kubwereza kangati konse. Panalinso nambala yoimbira munthu akasowa pogwira.

"Ndiye kuti ahedi sanaone mtanda uja?"

"Sanauone. Munadzitsekera nokha m'ndende, kiyi muli naye m'thumba. Safunsa anadya phula, Amadamu."

Misozi inayamba kutsika m'maso mwa Amadamu. "Ndachedwa kale. Kalasi inapita."

"Mwina inapitadi, sindikunamizani. Koma pitani kwa ahedi mukapemphe kuti afufute zakale muyambirenso. Mukayamba, musadikire tsiku loti mukhale ndi mpata, silibwera limenelo. Sankhani nthawi imodzi tsiku lililonse, mphindi makumi awiri zokha. Vidiyo ikathamanga, iimitseni, ibwezeni m'mbuyo, siitopa ngati munthu. Chimene mwaphunzira lero, mawa muchichite ndi manja anu. Mukakanika, imbani nambalayo kapena funsani anzanu aja. Kufunsa wamng'ono si kuvula."

"Nanga ine ndithandize bwanji?" ndinafunsa.

"Inu musaikhudzenso tabuletiyi. Ngati manja akukuyabwani, muziwaimbira belu."

M'mawa mwake ine ndi Amadamu tinapita limodzi kwa ahedi, ndipo ndinaulula ndekha kuti wolemba anali ine. Ahedi anapukusa mutu nthawi yaitali. Pomaliza anati alola kuti Amadamu ayambirenso, ndipo teremu yotsatira isanathe adzabwera kudzaonera phunziro limodzi. "Koma sindikulonjeza kanthu," anatero.

Ndinapachika chidutswa cha chitsulo pakhomo la shedi. Folo koloko ikakwana ndinkachimenya ndi hamala, ngo! ngo! ngo! Amadamu ankasiya chilichonse, kaya ndi zochapa, n'kukhala patebulo ndi tabuleti, kope ndi bolopeni. Mphindi makumi awiri zikatha ndinkamenyanso. Ana a aneba ankatiseka kuti pakhomo pathu patsegulidwa sukulu ya mwana mmodzi wa imvi.

Musaganize kuti zinayenda ngati madzi. Phunziro lachinayi, lija loonetsa zinthu pakhoma, linawatengera masiku asanu ndi anayi. Tsiku lina anakankha tabuleti n'kunena kuti, "Mutu wangawu unauma, bambo, tisadzivute." Ine manja ankandiyabwa zedi, yankho ndikuliona, koma ndinawapisa m'thumba. Mawa lake anaimba nambala ija, munthu wa kumeneko anawafotokozera, ndipo pa nthawi yopuma kusukulu anapempha mphunzitsi amene anatenga kalasi yawo kuti awaonetse polumikiza waya. Anakayeserera pakhoma la chipinda cha mabuku, makatoni ndiwo anali ana. Maphunziro amene ine ndinawadumphadumpha masiku anayi, iwo anawamaliza m'masabata khumi ndi limodzi.

Tsiku loonetsa ndinadzipezera chifukwa chokakonzera desiki pasukulupo. Phunziro linatuluka pakhoma bwinobwino, zilembo zikuluzikulu, ana akuzitchula. Kenako kamtsikana kena kanadina yankho pa tabuleti ya gulu lake, mtanda wofiira n'kutuluka. Kanaivundikira tabuletiyo msangamsanga n'kuyamba kulira. Amadamu anapita, anagwada pambali pake, n'kuitembenuza.

"Usaope, mwanawe. Ine pamenepa ndinalakwa kasanu ndi kawiri."

"Inuyo, Amadamu?"

"Ine amene. Taona apa, akuti yesanso. Tiye, dina wekha."

Kamtsikanako kanapukuta mamina n'kudina, ndipo kanakhoza. Belu litalira ahedi anaima pakhomo, anatambasula dzanja, n'kunena kuti, "Amadamu, bweretsani kiyi wa chipinda cha mabuku uja. Lolemba mubwerere kwa ana anu."

Inu aphunzitsi, ndi inu amene mumakhala nawo m'nyumba, imvani kwa ine amene ndinapsa nazo. Maphunziro ophunzira pawekha si mpikisano, ndipo cholinga chake si pepala ayi, koma luso loti ukaligwiritse ntchito pamaso pa ana. Werengani malangizo a poyamba. Dziikireni nthawi yanu tsiku ndi tsiku, ngakhale yochepa, musaiphonye. Kulakwa poyeserera si mlandu, bwerezani. Mukasowa pogwira, funsani. Ndipo ngati mumamukonda munthu, musamulembere.

Fulemu ija ndinaitola pa mulu paja, ndinaipukuta, ndipo ili pakhoma pabalaza. Pepala lake ndi lofanana ndi loyamba lija, dzina ndi lomwelo. Koma ili Amadamu analilowetsamo okha, ndipo alendo akaliyang'ana, iwo sazyolikanso.