Nthenga M'sefa

Basi inamusiya pamphambano mdima utangogwa. Malo achilendo. Injiniya anakoleka chikwama kumsana, bokosi la zipangizo m'manja, n'kulunjika kumene kunkawala nyali imodzi yokha: pageti la malo oziziritsira mkaka.

Pagetipo panaima bambo wa kamimba, tochi m'manja. Mlamu wake, mwamuna wa mkulu wake. Ndiye anali manijala wa pamalopo.

"Mayi Mpweya afika!" anafuula mlamuyo. "Mkazi wanga wamng'ono, mpaka makina afe kuti utiyendere?"

"Mwaswera bwanji, alamu? Kiyi wa chipinda cha makina."

"Aaa, moni wake ndi ameneyo? Tayamba wamwa tiyi."

"Tiyi sathawa. Kiyi."

Makinawo anali ntchito ya manja ake. Ankapanga magetsi popanda dizilo, popanda utsi. Mbali ina kulowa mpweya wa haidrojeni wa m'masilinda, mbali ina mpweya wamba timapumawu. Chotuluka ndi magetsi, madzi ndi kutentha. Mtima wa makinawo unali timapepala topyapyala mazana awiri tosanjikizana, ndipo anatisanja yekha, kamodzikamodzi. Anzake ndiwo anadzawaika kuno. M'miyezi isanu mtimawo unafa kawiri. Tsopano kachitatu. Mkaka wa alimi unasasa m'mathanki.

M'mawa wa tsikulo abwana ake anali atamuuza, osamuyang'ana n'komwe: "Pita ukaone wekha. Likakhalanso vuto la kasanjidwe kako, ntchito ya mitimayi ndipatsa wina. Iwe ubwerera kokapukuta mabatire."

Ntchito imene anaivutikira zaka zisanu ndi ziwiri.

Chipinda cha makina chinali choyera. Choyera mopitirira. Pansi pokolopa kumene, m'makona madzi asanaume, sopo kununkhira. Ndani amakolopera makina akufa?

Anagwada, n'kulumikiza kakompyuta kake. Timapepala tonse tinali titafooka mofanana. Akanakhala kuti anasanja molakwika, kakanafa kamodzi, mwina tiwiri. Apa tonse. Ndiye kuti makinawo anapuma chinthu choipa.

Ananunkhiza. Kuseri kwa sopo kunali fungo lina, lolasa m'mphuno. Anamasula chivundikiro, n'kusolola sefa ya polowera mpweya. Anaiunika. Utuchi. Ndi tinthenga tachikasu, tofewa ngati thonje.

"Alamu, makina anga ayamba kumera nthenga?"

"Mbalame zimenezo. Kuno mbalame n'zambiri."

"Mbalame zachikasu. Zogona pautuchi."

Mlamu anazimitsa tochi, n'kuiyatsanso. "Tiyi akuzizira," anatero.

Nyumba inali kuseri kwa mathanki. Mkulu wake anamukumbatira nthawi yaitali. Anali ataonda. Patebulo panali buledi, mazira ndi makapu atatu. Wailesi inkasokosera ngati m'nyumbamo muli ogontha. Injiniya anatambasula dzanja, n'kuizimitsa.

Piyo. Piyo-piyo-piyo.

Anatsegula chitseko cha bafa. Makatoni asanu, onse odzaza anapiye.

"Ndi angati, achemwali?"

"Mazana atatu."

"Gulu lachingati?"

Mkulu wake anayang'ana mwamuna wake. Mwamunayo anayang'ana buledi.

"Lachitatu."

"Makinanso afa katatu."

"M'chipinda cha makina muja mumafunda, mng'ono wanga," anatero mkuluyo, mawu akuthamanga. "Usana ndi usiku, mofanana. Pamakala anapiye ankandifera tsiku ndi tsiku. Muja sanafe ndi mmodzi yemwe. Kutentha kongotayika, ine ndatola. Ndalakwa?"

"Zitosi, achemwali. Mpweya uja umakuyabwani m'maso mukalowa m'khola. Makina akaupuma, mtima umafa. Pachitseko paja pali chikwangwani."

"Munalembapo za moto ndi za fodya. Za nkhuku simunalembe."

Mlamu anaseka kwambiri, yekha. Kenako anakoka mpando n'kukhala pafupi.

"Tamvera, Mayi Mpweya. Nkhani yaing'ono iyi, tisaimeretse mapiko. M'lipoti mwakomo ulembe kuti mtima unabwera wofooka. Kampani yanu ndi yaikulu, isintha. Anapiye tichotsa, sadzalowamonso. Wafa ndani?"

"Ine."

"Iwe uli ndi mapepala a sukulu. Ukagwa apa, udzuka apo. Ine akandichotsa, nyumba ino ndi ya ntchito. Ana atatu tikawaika pati? M'bokosi lako la masipanala?"

Injiniya anakankhira kapu yake pambali. Mlamu anayesa njira ina.

"Chabwino. Tinene kuti ndi mlonda. Wabwera chaka chino, alibe womunenera."

"Nkhuyu mwadya ndinu, zipote mlonda?"

Mkulu wake anaika kapu pansi mwamphamvu, tiyi n'kutayikira patebulo. "Iwe, khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ukaponya mwala uswa mkhate, ndipo mkhatewo ndine. Ndinakubereka kumbuyo ine, amayi ali kuntchito. Matewera ako ndinachapa ndi manja awa."

"Munachapa, sindikana. Ndiye lero ndidye zitosi?"

"Tamuoneni! Sukulu yake ndi imeneyi?"

"Kawiri konse ndinaima pamaso pa anthu kupepesa." Mawu a injiniya sanakwere. "Ndinamasula kapepala kalikonse kufuna pamene ndinalakwa. Sindinapapeze. Ndinayamba kukayikira manja anga omwe. Anyamata a kuntchito akandiona amatsokomola. Akuti makina a mtsikana amafa akamva kuzizira. Inu muli kuno, phee."

"Sitinkadziwa kuti ndi anapiye," anatero mlamu.

"Simunkadziwa? Nanga mwakolopa chifukwa chiyani?"

 Ku bafa anapiye ankangolira.

Injiniya anasuntha mbale ya buledi, n'kuika kakompyuta patebulo pomwepo. Analemba iwo akuona. Sanachedwe. Atamaliza anawerenga mokweza: "Mtima wa makina wafa ndi mpweya wa zitosi. M'chipindamo munkasungidwa anapiye. Kasanjidwe kalibe vuto. Sefa ndibwera nayo."

"Dzina langa lilimo?" anafunsa mlamu.

"Sindinalembe dzina la munthu. Wosunga kiyi akumudziwa okha."

"N'chimodzimodzi!"

"N'chimodzimodzi, inde."

Mlamu anaimirira. Nthabwala zonse zinali zitamuthera pankhope. "Ukatumiza chimenecho, pakhomo pano usadzapondenso."

"Ndapondapo kamodzi. Pandikwanira."

Anadina. Lipoti linapita.

Mkulu wake analowa kuchipinda, n'kumenyetsa chitseko. Mlamu anatuluka panja, foni kukhutu, mawu atasanduka aulemu mwadzidzidzi. Injiniya anatsala yekha patebulo. Anadya mazira onse awiri. Njala inalipo, bwanji aname? Kenako anang'amba pepala m'kope la homuweki la mwana, n'kuyamba kujambula. Khola laling'ono, mapazi makumi atatu kuchokera pamakina, mbali imene mphepo imathawira. Paipi yotenga madzi otentha a makina, kuzungulira pansi pa utuchi, n'kubwerera. Kutentha kupita kwa anapiye, fungo kutsala komweko. Analemba miyezo yonse. Pepalalo analipsinja ndi chitini cha shuga, n'kugona pampando, nsapato zili kumapazi.

Kunja kutangoyamba kuyera anamanga katundu. Sefa anaikulunga m'pulasitiki. Atatembenuka anapeza mkulu wake ataima pakhomo la bafa, maso otupa, pepala lija m'manja. Sankamuyang'ana.

"Paipi yake yaikulu bwanji?"

"Ngati chala chanu chachikulu."

"Nanga akatichotsa, khola lakoli ndikamanga m'mwamba?"

"Alamu apite okha kwa akuluakulu awo, lero lomwe, asanaitanidwe. Akanene zoona. Atenge pepalalo."

"Ndikakunenera kwa amayi."

"Kaneneni. Musaiwale za anapiye."

Mkuluyo anapinda pepala kanayi, n'kulilowetsa m'thumba la diresi. Sanati uyende bwino. Anabwerera kwa anapiye ake.

Mlonda anamutsegulira geti, n'kumugwadira pang'ono, osadziwa kuti dzulo dzina lake linali patebulo pamodzi ndi buledi. Panja alimi anali atayamba kale kufika, zigubu za mkaka panjinga, kudzayesa mwayi. Bambo wina wa chipewa chong'ambika anaona bokosi la zipangizo.

"Mayi, ndinu a makina aja? Akuti anapanga ndi mtsikana, n'chifukwa chake amangofa."

"Mtsikanayo ndine, bambo."

Bamboyo anavula chipewa, n'kusowa pochiika.

"Lachisanu mubwere ndi mkaka wonse," anatero injiniya. "Ndibweranso ndi mtima wina. Ndidzauika ndekha."

Anasinthira bokosi kudzanja lina, n'kudutsa pakati pa njingazo. Sanacheuke.