Pemphero la a Yosiya

"Idesi, tatipempherera, anthu ayambe kumetedwa," anatero Osward, lumo lili m'manja.

Linali tsiku lachitatu chiikireni m'manda bambo awo, a Yosiya Mbewe, ndipo abale anali atakhala pansi pa mtengo wa mango kudikira kumeta. Maso onse anali pa Idesi. Nanga akanayang'ananso ndani? Iyeyu ndiye anali wapampando wa amayi a Chigwirizano ku Zemba konse, mayi woti akayamba kupemphera ngakhale mbuzi zinkaleka kulira. Idesi anatsinzina, natsegula pakamwa, koma anatsekanso asanayambe pemphero.

"Pempherani inuyo, achimwene," anatero chapansipansi.

"Ine? Ndi fungo la kachasu lili m'kamwamu?" Osward anaseka mowawidwa mtima. "A mpingo sanawaimbire atate ngakhale nyimbo imodzi. Nawenso ukuwakana?"

Anthu anametedwa popanda pemphero.

Nkhani yake inali yakale. Mng'ono wawo atamwalira, a Yosiya analowa chokolo, natenga mkazi wamasiyeyo ndi ana ake anayi kuti asamwazike. Mpingo unawadula chifukwa cha mitala, ndipo lamulo silimva chisoni: akulu a mpingo anabwera kumaliro ngati anansi chabe, manja ali pamaondo, mabuku a nyimbo atasiya kunyumba. Koma chimene chinkamudya Idesi sichinali chimenecho. Chaka chimene anavala bulauzi yoyera ya Chigwirizano, anapeza bambo ake m'munda wa thonje atawerama, milomo ikugwedera. Iye, chikhristu chitamukwera kumutu, anati, "Atate, mukungodzivuta. Mulungu samva pemphero la munthu wamitala."

A Yosiya anangotola khasu n'kupitiriza kupalira. Kuyambira tsikulo Idesi sanawaonenso akupemphera, ngakhale pachakudya. Lamulungu lililonse ankakweza mkazi wawo wamkulu, mayi ake a Idesi, panjinga, kumutsitsa pakhomo pa tchalitchi, iwo n'kuzimiririka. Anthu ankati amapita kubawo.

Tsono Idesi ankaona kuti ndiye anatsekera bambo ake khomo lopita kwa Mulungu, ndipo iwo anamwalira ali panja. Munthu wotero angagogode bwanji pakhomo lomwelo? Kupepesa kunalibe kokapepesa. Ankagwada m'mawa, nadzuka osanena kanthu, mtima uli ndi mantha ndi manyazi.

Lamulungu linafika. Mayi ake anamusitira okha bulauzi ija. "Lero ndiwe wotsegula ndi pemphero, dzina lako analengeza kale. Usatichititse manyazi kawiri."

Idesi anavala, nayenda ndi anzake mpaka pakhomo pa tchalitchi. Belu litalira, anapatuka ngati wopita kuchimbudzi, nazungulira kuseri, kumene kunali chitsamba cha mpungabwi ndi njerwa zotsala. Anatsamira khoma pansi pa zenera, akumva anthu akuyamba nyimbo m'katimo.

"Sunthako pang'ono, pamenepo pali mwini wake."

Anali a Lena, mayi wachikulire wosesa m'tchalitchi, tsache lili m'khwapa.

"Mwini wake ndani?"

"Atate ako. Kodi sunkadziwa?" A Lena anamuyang'ana modabwa. "Njinga ankaibisa m'tchiremu. Mvula, dzuwa, iwo ali pompa mpaka Ameni womaliza. Ine ndimakhala pafupi ndi zenerali chifukwa cha chifuwa changa, ndiye ndinkawamva."

Idesi anagwira khoma. "Ankapemphera?"

"Pemphero lake limodzi lomwelo, moti ndinaliloweza. Ankati, 'Ambuye, mwana wanga akuti ine simundimva, ndipo iye ndiye amadziwa Buku. Palibe kanthu. Ine ndizibwerabe. Koma iyeyo akamalankhula nanu m'katimo, muzimumvera.' Akatero n'kuyamba kutchula ana onse, awo amene, a mng'ono wawo, ngakhale Osward ndi kachasu wake."

"Bwanji simunandiuze?"

"Anandiletsa. Ankati ungachite manyazi pamaso pa anzako." A Lena anapukusa mutu, nalowera kukhomo lam'mbali.

Nyimbo inatha. M'katimo mkulu wa mpingo anatsokomola, nati, "Amayi Idesi Mbewe atitsogolere m'pemphero." Anaitananso kachiwiri, mabenchi akulira chifukwa cha anthu otembenuka kumufunafuna.

Idesi anayang'ana pansi. M'munsi mwa khomalo udzu sunamere, ndipo m'dothi lolimba munali timaenje tiwiri tosalala, toyandikana. Anakweza siketi pang'ono, naika maondo ake m'menemo. Timaenjeto tinali totalikirana kuposa maondo ake, moti anachita kudzikonza kuti akwanemo. Kenaka anagunditsa chipumi pakhoma, pamene njerwa ina inali itada ndi thukuta, nayamba kulankhula motsitsa, mawu oti a m'kati sakanawamva.