Telala Wapakati ku Nyumba ya Malamulo

Anzake pafakitale yosoka mayunifolomu ankamutcha Singano chifukwa cha kuwonda. Tsopano anali ndi pakati, ndipo ankamanga mimbayo ndi mpango, poti pamalopo mkazi akaoneka wodwala ankauzidwa kuti akapumule, makina ake n'kupatsidwa wina.

Tsiku lomwe wailesi inalengeza kuti nduna yasaina pangano la mayiko loletsa kuchotsa ntchito amayi apakati, Singano anamasula mpangowo anthu onse akuona, n'kuthamangira kwa kapitawo.

"Mwamva, bwana? Ndilibenso chobisa."

Kapitawo anayang'ana mimbayo, n'kugwira mutu. "Mayi, mwafulumira. Nduna yasaina kunjako, inde, koma kuno silinakhale lamulo mpaka aphungu avomereze. Mwezi ukatha adzandiuza kuti ndikuchotseni."

Singano anabwerera kwa mlamu wake, wosita pafakitale yomweyo.

"Ndiye ndunayo inangopita kukakwera ndege?"

"Taganizani, alamu," anatero wositayo, akupukuta thukuta. "Cholembera cha nduna chikanakhala chokwanira, mawa ikasaina kuti tizisoka ndi Lamulungu lomwe, mukanaseka? Aphungu ndiwo tinawaimira pamzere padzuwa. Tiyeni tikawakumbutse."

Singano anamemeza anzake. Masana alionse amayi osoka ankadzaza benchi ya ofesi ya phungu wawo, ulusi uli m'tsitsi. Ankaimbira foni abale awo akumadera ena kuti nawonso asapatse mpumulo aphungu awo. Phunguyo anafika podziwa mimbayo kuposa mwini wake.

Tsiku lovota, Singano ndi mlamu wake anakwera masitepe a Nyumba ya Malamulo kupita pamalo a alendo. Mlonda anawachenjeza: "Pamwamba pano palibe kuwomba m'manja, palibe nthungululu. Wochita phokoso atuluka."

Anakhala mothinana, akuyang'ana madazi a aphungu pansipo. Wina analankhula motsutsa, nati eni mafakitale adzathawa. Singano anakanikiza chigongono cha mlamu wake mpaka kumupweteka. Kenako Sipikala anafunsa ovomereza, ndipo "inde" anamveka ngati mvula padenga lamalata.

Ntchito yake inali itapulumuka. Nthungululu inayamba kumukwera pakhosi.

"Alamu, nditsekeni pakamwa," ananong'ona.

Mlamuyo anamutsekadi ndi dzanja lonunkhira sopo. Koma pakamwa pa mlamuyo panalibe womutseka, ndipo nthungululu inatuluka yonse, yaitali.

Mlonda anadzuka kuti awatulutse. Koma mlondayo anayenda dala pang'onopang'ono kwambiri, akuima pa sitepe iliyonse ngati munthu wa nyamakazi.