Dzina la Mwini

Telala anaimitsa mashini osokera pamene mlamu wake anatsegula laputopu patebulo lodulira nsalu. Mlamuyo, mng'ono wa malemu mwamuna wake, ndi amene anabwera ndi nzeru yoti shopuyo ikhale ndi adiresi yakeyake pa intaneti. Nzeruyo inali yabwino. Koma munthu yemweyu ndi amene anafunsa za makiyi a shopu anthu asanabalalike n'komwe pamaliro, ndipo kuyambira tsikulo telala ankayamba wawasenda mawu ake asanawameze.

"Zatheka, alamu," anatero mlamuyo. "Dzina lili m'dengu. Bweretsani khadi tilipire."

"Dengu lake liti?"

"Ndi mmene amanenera kunoku. Fulumirani, angatilande ena."

Telala anavala magalasi n'kukokera laputopu kwa iye. Pakona panali kawotchi kofiira kowerenga mphindi chobwerera m'mbuyo. M'dengumo munali zinthu ziwiri, iye atatuma chimodzi.

"Chochongedwachi n'chiyani?"

"Kubisa dzina la mwini."

"Kumubisira ndani?"

"Akuba, alamu. Eni webusaiti amachongeratu okha."

"Zaka khumi chikwangwani chili pakhomopa, sindinabisalepo. Chotsani."

Mlamuyo anachotsa, akuseka ndi mano okha. Telala atatsika m'munsi, pa malo olemba mwini panaoneka dzina la mlamuyo, lonse lathunthu.

"Kompyuta imangodzaza yokha," anafulumira kunena. "Inandizolowera."

"Izikuzolowerani kwanu."

Telala anafufuta n'kulemba lake ndi chala chimodzi, tepi yoyezera ikulendewera m'khosi. Kenako anakwera m'mwamba kuti aone chimene akugulacho. Shopu yake inali Kwa M'bale. Apa panalembedwa kwambale.

"Alamu, ine ndimagulitsa mbale?"

"Kachizindikiro kapamwambako sikaloledwa mu adiresi."

"Ndiye m'bale asanduke chodyera? Kapena mukufuna dzina lisiyane ndi la pa chiphaso changa, mawa mudzati ndi bizinesi ina?"

"Yesani nokha, poti ine ndine mfiti."

Telala anayesa. Zilembo zofiira zinamukana. Anayesanso pang'onopang'ono, ngati wolowetsa ulusi pa singano, zinamukanabe. Kachitatu anangochotsa chala. Mlamuyo anali atapinda manja, akuyang'ana madiresi a akwati opachikidwa kukhoma.

Manyazi anamugwira telala. Ngati apa munthuyu wanena zoona, mwina ndi zinazo sananame. Mwina makompyuta amadzazadi okha. Mwina pa za makiyi aja ankangofuna kuthandiza, pakamwa pokha n'pamene panamuthamangira.

"Chabwino," anatero. "Mbale ndi mbale. Bola ikhale yanga."

Anatulutsa khadi m'kabati ya mabatani, n'kulemba manambala ataphimba ndi dzanja. Foni yake inalira, banki itatumiza nambala yachinsinsi. Anailemba, nadina. Kachizungulire kanazungulira pa sikirini kwa nthawi, kenako panabwera mawu obiriwira: zikomo, kalata yotsimikiza umwini yatumizidwa ku imelo yanu.

Telala anayang'ana foni yake pamwamba pa nsalu. Inali zii.

Foni ina inalira m'thumba la jekete la mlamu wake. Telala anali atasintha dzina lokha, imelo inatsala ya mlamuyo. Mlamuyo sanaigwire. Anayamba kutseka laputopu.

"Musatseke," anatero telala mofatsa. Ananyamula mpando wa makasitomala, n'kuuika pakhomo, n'kukhalapo. "Tulutsani foniyo, alamu. Kalata yanga tiiwerengere limodzi."