Mitengo ya mu Lipoti

Felista anali kusankha mtedza pakhonde la fakitale pamene a Hamidu anatuluka mu ofesi foni ili kukhutu, akungoti "inde madamu, inde madamu," uku akuweramira munthu woti sakumuona. Atadula foniyo anakhala pathumba la mtedza. Apo aliyense anadziwa kuti zavuta, chifukwa a Hamidu ndi omwe amakalipira munthu wokhalira thumba.

Nkhani yake inali iyi. Kafakitale kawo ka pa Boma kamakazinga mtedza n'kupera chiponde, ndipo pafupifupi chonse chinkagulidwa ndi kampani ina ya ku Lilongwe. Chaka chilichonse kampaniyo inkafuna lipoti: nkhuni mwawotcha zochuluka bwanji, mitengo mwabzala ingati. Chaka chathacho a Hamidu analemba kuti abzala mitengo 300 kuseri kwa fakitale. Sananame ayi, anabzaladi, mpaka anajambulitsa atavala magambuti atsopano. Koma mbuzi zinadya yonse, kutsala isanu ndi iwiri. Mbuzizo, kunena zoona, zinali za a Jonasi alonda, ngakhale eni ake ankati zinachokera ku Zambia.

Tsono madamu a pafoni aja, a ku kampaniyo, anati ikatha miyezi iwiri atumiza munthu kudzaona mitengoyo, ndipo akapeza bodza asiya kugula. Chiponde chikasowa wogula, osankha mtedza ndiwo amayamba kupita kwawo, ndipo Felista sankafuna n'komwe kubwerera kukasoka fodya ku esiteti kumene anachoka ndi chifuwa.

A Jonasi, poti ukaipa dziwa nyimbo, ndiwo anayamba kupereka nzeru. Anati m'mawa wa tsikulo adzadule nthambi za keshya n'kuzizika m'mizere, anthu a ku Lilongwe amaonera pawindo la galimoto. A Hamidu anayamba kusisita ndevu ngati akugwirizana nazo.

"Nanga mlendoyo akadzachedwa?" anafunsa Felista osatukula mutu. "Dzuwa likafika pamutu nkhalango yanuyo idzafota ngati nkhwani wa dzulo."

"Ndiye inuyo mukuti titani, anaBanda?" anatero a Hamidu.

Felista anafotokoza za mpanda wa dimba la amayi ake ku Ludzi. Amadula zikhomo za mtengo wa gilirisidiya zazitali kuposa munthu, n'kuzizika mvula ili mkati. Posachedwa zimagwira mizu, masamba n'kuphukira kumwamba kumene mbuzi siyifika.

"Bodza lomera mizu," anaseka a Jonasi.

"Likamera mizu ndi mtengo, achimwene. Koma bwana, mlendoyo mudzamuuze kuti yoyamba ija inadyedwa."

Za zikhomozo a Hamidu anavomera. Zinazo anangotsokomola.

Loweruka lake lole ya fakitale inapita ku Ludzi. Amayi ake a Felista anapereka zikhomo, aneba nawonso anathenera mipanda yawo, aliyense n'kulandira botolo la chiponde. Azimayi a pakhonde anazika tsiku lonse akuimba, matope mpaka m'maondo. A Jonasi anamangirira mbuzi zawo pachingwe, zomwe zinadabwitsa anthu, poti amati si zawo. Felista m'mawa uliwonse asanayambe ntchito ankadutsa kuseriko kukakanda khungwa ndi chikhadabo kuti aone ngati mkati muli mobiriwira. Zina zinauma. Zambiri zinatulutsa timasamba.

Tsiku litakwana kunabwera mayi wamfupi, dzina lake Veronika. Atangotsika anatsegula kumbuyo kwa galimoto n'kutulutsa magambuti akutha, ndipo a Jonasi anakumbukira mwadzidzidzi kuti pageti palibe munthu.

Mayi Veronika analowa m'mizere, anagwira chikhomo chimodzi ndi manja onse n'kukoka. Chinakana. Anakoka china, chinakananso. Kenaka anayang'ana kunsonga, pamene panali poonekeratu podula chikwanje.

"Mitengo ya chaka chatha ija ndi imeneyi?"

Felista anangoyang'ana zala za kumapazi kwake, akumva fungo la fodya wa ku esiteti m'mphuno. A Hamidu anatsokomola kawiri, anayang'ana Felista, kenaka anati, "Ayi mayi. Ya chaka chatha ili m'mimba mwa mbuzi. Yatsala ndi iyo, isanu ndi iwiri."

Mayiwo anaseka mpaka kugwira chikhomo kuti asagwe. Anati sabata yathayo, kwina kumene sanakutchule, anakoka mtengo n'kutsala nawo m'manja, ndipo eni ake anaumirira kuti ndi chiswe. Anawerenga okha zikhomo zamoyo, zinakwana 241, n'kuuza a Hamidu kuti alembe nambala yomweyo, za mbuzinso alembe, ndipo chaka chamawa adzabweranso kudzakoka. Atafunsa mwini nzeruyo, azimayi onse analoza Felista ndi milomo.

Lipoti la chaka chimenecho a Hamidu analipachika pakhoma la ofesi. Pachikuto pali Felista ataima pakati pa zikhomo zake, ndipo mpaka pano amadandaula kuti akanamuuza akanavala chitenje chake cha ku Chipata. Kumbuyo kwake, ukayang'anitsitsa, pali mbuzi yaima ndi miyendo iwiri, khosi tasa, ikulephera kufikira tsamba. A Jonasi akuti imeneyo saidziwa.